Dzina la Pulogalamu ya Esnat

Esnat ndi mwana wa mlongo wanga. Anabadwa mu 1991 kumudzi kwathu, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera ku Nguludi. Dzinalo ndinamupatsa ndine. Mayi ake anamwalira iye ali sitandade sikisi, ndiye anakulira pakhomo panga. Ndikulemba za iye chifukwa anthu ambiri kuno akugwiritsa ntchito chinthu chimene anapanga, koma mwiniwakeyo samudziwa.

Ine ndine Silvesta. Ndinagwira ntchito yokonza mijigo kwa zaka makumi atatu. Mawondo atatha ndinasiya.

Esnat sanali mwana wolongolola. Sukulu ankakhoza, osati kwambiri. Atamaliza folomu folo anapita ku Limbe kukaphunzira kompyuta miyezi isanu ndi umodzi, kenako anapeza ntchito m'kasitolo kena pa Boma, kotayipa makalata ndi kupanga fotokope. Makasitomala akachepa, magetsi alipo, ankadziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu. Ndinamufunsa tsiku lina kuti pulogalamu n'chiyani. Anati ndi malangizo amene umalembera kompyuta kuti izichita ntchito iwe kulibe. Ndinati chabwino.

Mu 2019 anakwatiwa ndi Vitalis, mphunzitsi wa pulayimale, wakwawo ku Mulanje. Munthu wofatsa, wopanda makolo. Mu 2021 anabereka mwana wamkazi. Anabadwa Lachiwiri, anatuluka m'chipatala Lachinayi ali wamphamvu. Loweruka m'mawa anasiya kuyamwa, ndipo njinga yopita naye kuchipatala isanafike anali atapita. Sindikudziwa chimene chinamutenga. Palibe amene analakwa.

Kwathu mwana amapatsidwa dzina mchombo ukagwa, tsiku lotuluka naye panja. Wobala satchula. Amatchula ndi wamkulu wina wa m'banja, ndipo wotchulayo sabwera chimanjamanja. Woyamba amayenera kutchulidwa ndi akuchimuna, koma Vitalis analibe wamkulu, choncho anapempha ine. Dzina ndinalisankha kutatsala mwezi. Sindinauze munthu. Ndinapita ku Namadzi n'kugula beseni la buluu ndi sopo wamtanda umodzi, n'kuziika pamwamba pa kabati.

Mwana amene wapita asanatchulidwe amaikidwa ndi amayi okhaokha. Kulibe bokosi, kulibe mtanda, kulibe kulira. Abambo sitipitako. Mayi wa mwanayo sapitakonso. Dzina limene linakonzedwa silitchulidwa. Amayi achikulire anamuuza Esnat kuti asalire, kuti mimba ina idzabwere bwino. Anamvera. Patatha masabata awiri anabwerera kuntchito. Mimba ina sinabwere. Akafuna kunena za mwanayo, ndipo sikawirikawiri, ankati "uja".

Chaka chomwecho anandipempha kope langa lakale la chikuto cholimba, momwe ndinalembamo mijigo yonse imene ndinagwirapo: mudzi, kuya kwake, ndodo zachitsulo zingati zili pansi, chimene chimakonda kuwonongeka. Vuto la mijigo kuno ndi lodziwika. Mjigo ukafa, a komiti amatuma munthu pa njinga kukasaka wokonza. Wokonzayo ali kumaliro. Akabwera alibe labala yoyenera. Amabwerera. Masabata atatu amayi akutunga kumtsinje.

Esnat analemba pulogalamu yoti munthu azingotumiza meseji ya nambala ya mjigo wakufawo, ngakhale pa foni ya mabatani. Wokonza amene ali pafupi amalandira uthenga womuuza mudzi, ndodo zingati, ndi chimene chinawonongeka ulendo watha. Amanyamuka atanyamula zoyenera. Kabokosi kolandira mamesejiwo anamulumikizira ndi Mahmud, wokonza mafoni pa Namadzi, bambo wa ana anayi, wa pakamwa posatseka. Kali m'shopu mwake mpaka pano, pamwamba pa shelefu, pafupi ndi batire la sola.

Chinthucho chinagwira ntchito zaka ziwiri chopanda dzina. Anthu ankati "nambala ija". M'kompyuta mwake Esnat anangolemba kuti chinthu2, chifukwa choyamba chinakanika. Ankachikonza Loweruka lililonse. Sindinamuone akukondwera nacho. Ankachita ngati munthu amene akupalira munda wa eni.

Chaka chatha okonza mijigo a mbali ya Zomba anachifuna. Wina wa ku Mozambique anaimbanso. Esnat anaganiza zochiika poyera pa intaneti, zolemba zake zonse zam'kati, kuti aliyense atenge ulere, asinthe zimene akufuna, agwiritse ntchito kwawo. Akuti alipo malo oikapo zinthu zotero, ndipo bokosi loyamba kudzaza pamenepo ndi la dzina. Komanso wolemba zikwangwani anali atagwirizana naye kuti Lachisanu ayambe kupenta dzina ndi nambala pa simenti ya mijigo makumi anayi.

Anabwera kwanga Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Ndinali pakhonde ndikusoka nsapato. Anakhala pa mpando wa thabwa, chikwama pamiyendo.

"Amalume, ndikufuna dzina la pulogalamu ija."

"Tchula. Ndi yako."

"Ndayesa. Ndinalemba Mjigo, ndinapeza wina analitenga kale. Madzi ndiye alipo ambirimbiri, munthu akasaka sangapeze yathu. Mahmud akuti Chithandizo, koma likumveka ngati bungwe la maliro."

"Malamulo ake ndi otani?"

Anawerenga pa zala. Likhale losavuta kutayipa pa foni. Lisakhale la wina. Lisakhale mawu oipa m'Chiyao, m'Chilomwe kapena m'Chipwitikizi. Ndipo likaikidwa silisinthidwanso, chifukwa ena amamangirapo zawo, ukasintha zawozo zimagwa.

"Mawu alipo ambiri," ndinatero. "Khala pansi usankhe."

"Wobala satchula. Munandiphunzitsa ndinu."

"Zimenezo n'za ana."

"Ndikudziwa. Ndikufuna lija."

Sindinafunse kuti dzina liti. Ndinabaya singano m'nsapato.

"Lija linapita naye."

"Silinapite. Lili m'mutu mwanu. Muli ndi zaka sevente-thuu, amalume. Mukadzafa ndi pamene lidzapite."

Anazinena ngati akuwerenga chidziwitso cha pa ofesi. Maso ouma.

"Ulifunira chiyani pa mjigo?"

"Kumene anamuika sindikudziwako. Kulibe mtanda. Kalata ya ubatizo kulibe. Pakadi ya kuchipatala analemba kuti mwana wa Esnat. Ndikufuna lilembedwe penapake pamene sipafufutika."

Ndinaika nsapato pansi. Ndinamufunsa mafunso amene ndikanafunsa munthu wofuna kukumba mjigo pamalo okayikitsa.

"Ukachiika poyerapo, wina akachitenga n'kuchiwononga, dzina ungalilande?"

"Kumuletsa kutenga sindingathe. Chilolezo chake n'choti aliyense atenge. Nditha kumupempha kuti asinthe dzina, koma amene anakopera kale anakopera."

"Chikadzatha ntchito?"

"Zambiri zimatha. Zimangokhala pomwepo, ndi dzina ndi tsiku lomaliza kugwiridwa."

"Woledzera akhoza kulitchula?"

"Aliyense."

"Ayi," ndinatero.

Sanatsutse. Anatseka chikwama, anatsanzika bwinobwino, anapita. Ndikanakonda akanandilalatira.

Lachiwiri Vitalis anabwera pa njinga ataweruka kusukulu, choko chidakali pa thalauzi. Anakana mpando, anakhala pa njerwa.

"Amalume, ine dzinalo pa simenti sindikulifuna. Mbuzi zizinyera pamenepo."

"Ndiye tagwirizana."

"Sitinagwirizane. M'nyumba mwathu simuyambana munthu. Amaphika, amachapa, amandifunsa kuti kusukulu kunali bwanji. Ndikayankha amati oho. Zaka zitatu. Ana a kalasi langa ndimawaitana mayina makumi asanu ndi atatu m'mawa uliwonse, wanga ndimati uja."

"Mwambo ndi mwambo."

"Mwambowo unali woti munthu aiwale msanga, si choncho? Inu mukuona kuti waiwala?"

Anakwera njinga yake.

Ndinaganiza masiku awiri. Ine si munthu wa zolingalira zakuya. Ndikudziwa kuti mwambowo anauika ndi anthu amene ankataya ana ambiri, ndipo ankafuna kuti mayi adzuke akalime. Kwa ena unathandiza. Mkazi wanga malemu anataya awiri mwanjira yomweyo, anadzuka, tinabereka ena. Kwa Esnat sunagwire. Pa ntchito yanga, chitsulo chikakhala pansi pa mjigo osakoka madzi, sukhala pamwamba n'kumati chinaikidwa ndi akatswiri. Umachitulutsa.

Lachinayi ndinatsitsa beseni pa kabati. Linali ndi fumbi ndi ndowe za mbewa. Sopo anali atang'aluka, ngodya imodzi itadyedwa. Ndinatsuka beseni, sopo ndinamudula podyedwapo ndi mpeni. Ndinatumiza uthenga kwa Esnat kuti tikumane kwa Mahmud thuu koloko, abwere ndi mwamuna wake ndi kompyuta.

Shopu ya Mahmud ndi kachipinda ka malata pafupi ndi siteji. Anthu anayi kukhalamo mawondo amagundana. Panja makondakitala ankaitanira za Limbe.

"Eee, madala afika ndi beseni!" anatero Mahmud. "Tikusambitsa ndani? Ine ndasamba dzulo, musandiyang'ane."

"Ndabwera kudzatchula dzina, Che Mahmud. Wotchula sabwera chimanjamanja."

"Ndiye mwambo wonse? Achemwali, simunandiuze. Ndikanavala mkanjo wa Lachisanu."

Mahmud sankadziwa kuti dzinalo ndi la yani. Za mwana anazimva nthawi yake, anapepesa, zinatha. Za zimene tinakambirana pakhonde palibe anamuuza. Kumeneko kunali kulakwa kwanga. Ndinaganiza kuti mboni ndi mboni basi.

Esnat anayang'ana beseni. Anadziwa kuti si latsopano. Anatsegula laputopu, anafika pa bokosi la dzina lija, kamzere kakuphethira m'menemo. Anandipatsira. Ndinailandira ndi manja awiri chifukwa ndi mmene ndimadziwira kulandira chinthu chofuna dzina. Inali yofunda pansi pake. Kulemera kwake sindinakukonde.

Ndinatchula dzinalo kamodzi, momveka.

Vitalis anavula chipewa. Esnat milomo yake inayenda, mawu osatuluka. Anatenga laputopu, anaika zala pa mabatani.

"Aaa, labwino ndithu," anatero Mahmud. "Koma lalitali, madala. Anthu azilidula, ndikuwadziwa." Analidula pakati n'kulitchula chidulecho kawiri katatu, kuyesa mmene likumvekera. Kenako anagwira foni kukhutu, kusanzira mayi wa komiti wokwiya. Analiitana mokuwa. "Iwe, bwanji sukuyankha? Takutumizira meseji dzana! Wachabechabe iwe!" Anasintha mawu, kusanzira wokonza mjigo. "Musandinene ine, mayi, wandinamiza ndi ameneyu, anati ndodo teni pomwe zili fotini." Anaseka yekha. "Mwaona? Likukhala bwino pakamwa. Lembani, achemwali, tione ngati wina sanalitenge."

Sanalakwe. Ntchito yake inali imeneyo, kuliyesa ngati mmene anthu adzalichitire. Ndipo ndi mmene akanalichitiradi.

Esnat anali atatayipa zilembo zitatu. Anaziyang'ana. Anazifufuta chimodzichimodzi.

"Basi, Che Mahmud."

"Silikukoma? Tikhoza kuchotsa mchirawo."

"Basi. Ili silipita pa intaneti."

Mahmud anayang'ana Vitalis, anayang'ana chipewa chili m'manja, anayang'ana beseni. Anatseka pakamwa. Ndi tsiku lokhalo limene ndinamuona atatero.

Mnyamata wina anasuzumira kufuna kutchajitsa foni, Mahmud anamukodola kuti abwere nthawi ina.

"Wazikwangwani akubwera mawa," anatero Esnat, mawu ake a masiku onse. "Amalume, mwabwera kudzatchula. Tchulani la pulogalamu."

Ndinalibe lina lokonzeka. Ndinaganiza za thumba langa la zida. M'menemo muli sipanala ndi kachitsulo kopindika kunsonga kamene timamangirira ku ndodo pokoweza vavu yotsalira pansi pa mjigo. Timakatcha mbedza.

"Mbedza," ndinatero.

Anatayipa, anasaka. Anati pa malo amenewo palibe pulogalamu ya dzina limenelo. Anafunsa Mahmud ngati lili ndi vuto m'Chiyao. Anapukusa mutu. Anafunsa Vitalis za Chilomwe. Anati alibe nalo mlandu. Anatumizira meseji wa ku Mozambique uja, ndipo iye anayankha kuti kulitchula kumuvuta koma si mawu oipa.

"Zilembo sikisi," anatero Mahmud motsitsa mawu. "Wopenta akondwa."

Esnat anadina batani. Zinatha choncho. Sizinatenge mphindi zisanu.

Potuluka ananyamula laputopu kumsana, beseni m'manja, sopo ali m'katimo. Pa siteji, tikudikira minibasi, anandifunsa osandiyang'ana.

"Munalitenga kuti?"

"Linali la agogo ako aakazi, amayi anga. La kuubwana, asanabatizidwe. Ndi ochepa ankalidziwa."

"Oho," anatero.

Minibasi inabwera. Kondakitala anafuna kuika beseni kumbuyo, iye anakana, analiika pamiyendo.

Mahmud anapita kwawo kwa Esnat Loweruka lotsatira ndi phava la nthochi kukapepesa. Esnat anamuuza kuti palibe chopepesa, popeza anachita kumuthandiza. Nthochi analandira.

Lero Mbedza yalembedwa pa mijigo yoposa zana. A ku Zomba anaitenga, anawonjezera zawo. Wina amene sitimudziwa anaitembenuzira m'Chipwitikizi. Netiweki ikavuta anthu amaitukwana, ndawamva ndekha pa mjigo wa kwathu. Pa simenti ina utoto wayamba kale kusuluka, ndipo mbuzi zimachita zimene Vitalis ananena. Esnat akadali pa kasitolo kaja pa Boma, akutayipa makalata a anthu ofuna ntchito. Loweruka amayankha mafunso a anthu a pa intaneti amene amamulembera za pulogalamuyo. Ena amaganiza kuti ndi mwamuna.

Sanalire tsiku lija, ndipo mpaka pano sindinamuone akulira. Sindinganene kuti anasintha kwambiri. Akadali wa mawu ochepa. Vitalis akuti m'nyumba mwawo mawu oti uja anatha. Akafuna kunena za mwanayo amamutchula dzina, awiriwo basi, mwina kamodzi pamwezi. Akuti tsiku lina anayambana pa nkhani ya mbale yosweka, ndipo iye anapita kusukulu mtima uli m'malo.

Amayi awiri achikulire a kumudzi anamva kuti ndinatchula dzina la mwana wopita. Mmodzi sandipatsa moni. Ndi ufulu wake.

Beseni amachapiramo. Lang'aluka pang'ono m'mphepete, Vitalis analimata ndi pulasitiki wosungunula. Dzinalo sindilemba pano. Mayi wa mwanayo anati silipita kwa anthu.